Mabuku Amene Achimwene Anabwera Nawo

Achimwene anabwerera kumudzi nyengo yokolola, chimanga chili m'mikukwe. Uthenga unali utafika kale woti ali ndi katundu wolemera, choncho mwamuna wanga anamanga ng'ombe m'goli n'kupita ndi ngolo kukawachingamira pa Nambuma pomwe matola amatsitsira anthu. Ine ndi amayi tinatsala pakhomo tikusesa kanyumba kamene kale ankasungiramo makasu malemu bambo athu.

Amayi anabereka ana ambiri, koma amene tinakula tinali awiri: achimwene, omwe anali chisamba, ndi ine mzime. Pakati pathu panali manda okhaokha. Achimwene anapita m'tauni ine ndikadali kamtsikana, ndipo anakhalako zaka zambiri. Kumudzi tinkangodziwa kuti amachita geni. Banja lawo linali litatha kalekale, ana awo awiri akukulira kwawo kwa mayi awo cha ku Mpingu.

Ngolo itafika, amayi analulutira. Munali matumba anayi osokedwa bwino kukamwa, ndipo anyamata amene anathandiza kutsitsa ankachita kubuula. Koma nthungululuyo inathera panjira pamene achimwene ankatsika. Munthu amene ankadzaza khomo uja anali atatsala mafupa, kolala ya malaya ikuzungulira m'khosi. Potsika anayamba apapasa thabwa la ngolo, kenaka phazi n'kumafufuza pansi.

Atapuma ndi kumwa madzi, makapu angapo motsatizana, amayi anatenga mpeni n'kudula ulusi wa thumba limodzi. Ndikuganiza kuti ankayembekezera zovala za kaunjika, kapena shuga ndi sopo. Anapisa dzanja n'kutulutsa buku lopanda chikuto. Anapisanso, linanso buku. Anang'amba thumba lachiwiri: magazini akale omangidwa m'mitolo ndi mphira wa chubu cha njinga.

"Bambo, kodi katundu yense ndi ameneyu?" anafunsa amayi. Mwana wawo wamwamunayo ankamutchula kuti bambo.

"Ndi ameneyu, amayi."

"Zaka zonse zija?"

"Ndiyo inali ntchito yanga. Ndinkayala mabuku pansi pafupi ndi pokwerera basi, anthu n'kumagula. Awa ndi amene sindinafune kugulitsa."

Amayi anabwezera mabuku aja m'thumba limodzi ndi limodzi ngati akubweza ana a nkhuku m'dengu, n'kudzuka kupita kuseri kwa nyumba. Ndinawapeza atakhala pamtondo, akuyang'ana pansi.

Achimwene anatiuza kuti ali ndi matenda a shuga, ndipo mankhwala ake azikatenga kuchipatala chathu chaching'ono mwezi ndi mwezi. Za maso sananene. Tinazidziwa tokha poona momwe ankaphonyera kapu, ndi momwe ankayankhira moni asanadziwe amene wawapatsa.

Tsiku lina masana ndikuchokera kumunda ndinawapeza pakhonde atagwira buku pafupi ndi mphuno. Analisendeza kutali, analibwezanso, kenaka anatuluka nalo padzuwa. Nditawapatsa moni anadzidzimuka n'kulitseka.

"Zilembo zikungoyenda ngati nyerere," anatero. Kenaka anafunsa, "Kodi mlongo wanga, Chingerezi chija ukadali nacho?"

Ndinaseka mwamanyazi. Sukulu ndinalekera fomu yachiwiri nditatenga pakati pa mwana wanga woyamba, ndipo kuchokera pamenepo zimene ndinkawerenga ndi buku la nyimbo kutchalitchi ndi malemba a pa thumba la feteleza basi. Ndinawauza choncho. Iwo anangonditambasulira bukulo.

Linali buku lonena za mapiri amene amaphulika n'kutulutsa moto. Ndinayamba ndikupunthwa pa mawu aliwonse aatali. Mawu ena ndinkachita kutchula chilembo chimodzichimodzi, iwo n'kundiuza katchulidwe kake. Ndinafika kumapeto kwa ndime osamvapo kanthu. Apo achimwene anakhosomola n'kuyamba kundifotokozera m'Chichewa: kuti pansi pa nthaka imene timalimayi, kutali kwambiri, miyala ndi yosungunuka ngati phala lotentha, ndipo ikapeza potulukira imakwirira midzi. Ndinayang'ana pansi pomwe ndinakhala. Ndinali nditalima nthaka imeneyo moyo wanga wonse osaganizapo kuti kunsi kwake kuli chiyani.

Umo ndi momwe tinayambira. Ine ndinkatchula mawu amene sindinkawamva, iwo n'kumamasulira zimene sankaziona. Ndikaweruka kumunda, ndikatha kuphika, ndinkasamba m'manja n'kupita pakhonde pawo. Ankadziwa buku lililonse polikhudza. Ankalowetsa dzanja m'thumba, kupapasa msana wa buku, kulinunkhiza nthawi zina, n'kunena kuti, "Ili ndi la njuchi, lisiye. Tenga lokhuthala lija la nkhondo."

M'matumba monse munalibe buku la nkhani zopeka ngakhale limodzi. Munali la nyenyezi, la kakonzedwe ka njinga ndi mawailesi, la mbiri ya mayiko, la matenda a ziweto, la mbalame, la malamulo, la kaumbidwe ka njerwa. Magazini ena anali a zaulimi, ena a mpingo, ena a zithunzi zokongola za mayiko akutali, masamba ake osalala ngati tsamba la nthochi lanthete. Nditawafunsa chifukwa chake, anati, "Zachikondi ndi zaupandu ndi zimene zinkayenda malonda, ndiye ndinkagulitsa. Koma ine zoona zenizeni sindinazimalize, ndiyambe bwanji zopeka?"

Mwamuna wanga poyamba sizinamusangalatse. Ankati anthu akunena kuti mkazi wake wasanduka mphunzitsi wopanda sukulu, amakhala pansi masanasana anzake ali kudimba. Sindinalimbane naye. Ndinangoyamba kunyamula lichero la mtedza popita pakhondepo, kuti buku likhale pamwendo, manja akuswa mtedza. Posakhalitsa amayi ena oyandikana nafe anayamba kubwera ndi malichero awo. Kenaka mwamuna wanga yemweyo anabwera tsiku lina ngati wodutsa, n'kufunsa ngati m'matumbamo muli kanthu konena za nkhupakupa, pakuti ng'ombe yake imodzi inali itayamba kuwonda. Kuyambira tsiku limenelo anali ndi mpando wake pakhondepo.

Sikuti zonse zimene tinkawerenga anthu ankazivomereza. Tsiku lina tinawerenga m'magazini za dziko la madzi oundana kumene dzuwa limatha miyezi osalowa. Bambo wina wachikulire, mkulu wa mphakati wathu, anapukusa mutu.

"Apo pokha anama. Nanga nkhuku zimalowa m'khola nthawi yanji?"

Tonse tinaseka, achimwene mpaka kutsokomola. Anatuma mwana kukathyola lalanje, nalibaya ndi kamtengo, n'kulizungulitsa mopendekeka kutsogolo kwa nkhope ya bamboyo, akuti nkhopeyo ndiyo dzuwa. Bamboyo anayang'anitsitsa mpaka mapeto, kenaka anati, "Ndamva, koma sindinakhulupirire." Anatenga lalanjelo n'kulisenda.

Amayi okha ndiwo sankabwera. Ankadutsa ndi nkhuni kapena ndowa osacheuka. Kwa iwo mabukuwo ndiwo anadya maso a mwana wawo, ndiwonso anamuthetsera banja. Ankatero poyera.

Mvula itayamba, nkhuni zinkanyowa ndipo moto unkavuta kuyatsa. Tsiku lina achimwene anapempha buku la mbalame. Nditawapatsa, analigwira m'manja onse awiri ngati akuliyeza, n'kulitsegula pakati. Chala chawo chinayenda pamzere pamene panatsala timano ta mapepala ong'ambidwa.

"Ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinkadziwa, popeza ndinali nditaona kachidutswa ka pepala kojambulidwa phiko lobiriwira pakati pa mafuwa kwa amayi. Iwonso sanachedwe kuzindikira okha. Sanakalipe. Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo chakudya cha tsiku limenelo chinabwerera chosakhudzidwa. Kwa munthu wa shuga kusadya ndi ngozi, choncho ndinapita kwa amayi ndili ndi mkwiyo.

"Ndimayesa ndi lotha ntchito," anatero amayi. "Linali lakuthaitha, lopanda ndi chikuto chomwe. Mapepala okhawo mpaka munthu kukana kudya?"

Komabe madzulo ake anaphika phala la mgaiwa lopanda shuga, nalinyamula okha. Anagogoda, anagwada pakhomo monga amachitira kwa mlendo wolemekezeka, n'kunena kuti, "Bambo, ndalakwa ine. Idyani." Achimwene anatsegula. Zimene anakambirana mkatimo sindinazimve.

Patapita masiku, amayi anabwera pakhondepo ndi dengu la nyemba zosankha. Anakhala chakumbali, atatipatsa msana, ngati angofuna mthunzi. Tsiku limenelo tinali pa buku la thupi la munthu, lalikulu, la zithunzi zamitundu. Ndinali kuwerenga za momwe mwana amakulira m'mimba, achimwene akumasulira mosamala posankha mawu, poti panali amayi awo. Ndinaona kuti manja a amayi aleka kusankha nyemba.

"Pali chithunzi?" anafunsa osatembenuka.

Ndinati chilipo. Anadzuka, anapukuta manja onse awiri pachitenje, n'kudzakhala pafupi nane. Pachithunzipo panali mwana atadzipinda m'chiberekero, mutu pansi, timanja tili pachibwano, mchombo utazungulira ngati chingwe. Amayi anayang'ana nthawi yaitali. Anaika chala pamutu pa mwanayo mopepuka.

"Ndiye mmene munkakhalira umu?"

"Momwemo, amayi," anatero achimwene.

"Nonse?"

"Tonse."

Amayi anayamba kutchula mayina a ana awo amene anamwalira, mmodzi ndi mmodzi, motsatana ndi kubadwa kwawo. Ena mwa mayinawo ndinali ndisanawamvepo. Anafika pa mmodzi amene anabadwa wakufa kale, amene sanapatsidwe dzina ndipo anakaikidwa ndi azimayi okhaokha kudambo. Anati azamba sanawalole kumuona. "Ndinkangoganiza kuti kaya anali munthu, kaya chiyani," anatero. Anafunsa kuti mwana wa miyezi isanu ndi iwiri amakhala wotani. Ndinatembenuza tsamba n'kuwaonetsa. Anali ndi zala zonse, makutu, ngakhale zikope.

"Anali munthu, eti," anatero amayi.

Amayi ena amene analipo ankapukuta m'maso ndi nsonga za zitenje. Tsiku limenelo sitinawerengenso.

Chaka chotsatira, nthawi yosoka fodya, achimwene anaponda chitsa cha chimanga popita kuchigafa kumene tinkagwirira ntchito. Sanamve kanthu. Mwana wanga wamkazi ndiye anaona magazi m'mapazi momwe ankadutsa. Tinatsuka balalo ndi madzi amchere, kuchipatala chathu anamanga, koma silinapole. Linayamba kununkha, zala zinada, ndipo kudako kunayamba kukwera. Anatitumiza kuchipatala cha mishoni ku Namitete, ine n'kukhala wowadikirira.

Adokotala atawaona anatiitana pambali n'kunena mosabisa kuti mwendowo uyenera kudulidwa m'munsi mwa bondo, apo ayi chiphe chake chifalikira thupi lonse. Ndinatumiza uthenga kumudzi, ndipo kunabwera amalume, mlongo wawo wa amayi, omwe ndiwo anali mwini mbumba. Anali munthu wofatsa, wokonda achimwene ngati mwana wawo wobereka. Atamva za kudula anagwira kumutu.

"Ayi, ana inu. Munthu amapita kwa Mulungu wathunthu monga anabwerera. Nanga mwendowo akauika kuti? Tiyeni timutenge. Kupitirira Kasiya kuli munthu wodziwa mitengo, anachiritsapo mabala oposa ili."

Ine ndinali pakati. Mtima wina unkamvera adokotala, wina unkamvera amalume. Achimwene anamvetsera onse ali chigonere, kenaka anandiitana.

"Pita kumudzi. M'thumba la pakona muli buku lokhuthala la zaumoyo, lomatidwa msana ndi nsalu yakuda. Ukabwere nalo. Amalume, inu mudikire kaye."

Ulendo wochoka ku Namitete kukafika kwathu si wapafupi. Ndinakwera minibasi, kenaka matola, n'kumalizira pa kabaza, ndipo ndinabwerako tsiku lotsatira dzuwa litapendeka, buku lili kumsana m'chitenje ngati mwana. Ndinapeza amalume atakhala pampando pafupi ndi bedi, chipewa chili pamaondo.

Achimwene anandiuza mutu woti nditsegule. Tsambalo linali lakuda m'mphepete chifukwa chogwiridwagwiridwa. Ndinayamba kuwerenga, iwo akumasulira monga mwa masiku onse, koma ulendo uno akuyang'ana kumene kunali amalume. Bukulo linanena za ludzu losatha ndi kuwonda. Linanena za maso amene amachita khungu pang'onopang'ono. Linanena za mapazi amene amaleka kumva ululu, ndi mabala amene sapola, ndi kuti nyama ikafa palibe mankhwala oidzutsa, koma kuichotsa kuti yamoyo itsale. Achimwene ankafotokoza ndi mawu odekha, ngati akunena za munthu wina wa kudziko lakutali. Odwala a m'mabedi oyandikana anasiya kucheza n'kumamvetsera.

Pofika nthawi imeneyo Chingerezi changa chinali chitabwerera ndithu, moti maso anga anathamangira ndime yotsatira pakamwa pasanafike. Inkanena za impso: kuti matendawa akafika pa maso ndi mapazi, nthawi zambiri amakhala kuti afikanso ku impso, ndipo impso zikatopa thupi limatupa, munthu n'kumafooka mpaka mapeto. Ndinaima.

"Pitiriza," anatero achimwene.

"Pathera pomwepa."

"Sipanathere. Tsamba limenelo ndinaliwerenga ndikadali ndi maso anga. Werenga, mlongo wanga. Ndikufuna amalume amve, ndipo iwenso umve ndi pakamwa pako."

Ndinawerenga. Mawu ankatuluka okhaokha, misozi ikugwera pabukupo, ine n'kumaipukuta msanga ndi chikhatho kuti isaononge pepala. Iwo anamasulira zonse, osasiyako kanthu.

Amalume anatembenuzatembenuza chipewa chawo m'manja.

"Ndiye kuti pobwera kumudzi paja munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga osatiuza bwanji?"

"Ndinkafuna ndikhaleko kaye pakhomo ngati munthu. Mukanadziwa, bwenzi mukundiyang'ana ngati maliro oyenda." Anapuma pang'ono. "Mwendowu sungandipulumutse, amalume, ngakhale utsale. Koma akaudula ndikhoza kuonako mvula ina, mwina ziwiri. Ndikuzifuna mvula zimenezo."

Amalume anadzuka n'kutuluka panja. Ndinawaona pawindo ataima pansi pa mtengo, atafulatira. Atabwerako anati, "Aitaneni adokotalawo." Ndipo tsiku la opaleshoni iwo ndi amene anayenda pambali pa bedi mpaka pakhomo pomwe abale saloledwa kupitirira.

Tinabwerera kumudzi fodya atapita kale kumsika. Achimwene anaphunzira kuyenda ndi ndodo ziwiri, ndipo mwamuna wanga anamanga chingwe kuchokera pakhonde mpaka kuchimbudzi kuti azichitsata. Amayi tinawauza za mwendo, koma za impso amalume anati awauza okha, ndipo anawauzadi. Amayi sanalire pamaso pathu. Anangosamutsa mphasa yawo n'kuyamba kugona m'kanyumba ka achimwene, pafupi ndi khomo.

Mvula ziwiri zija anazionadi. Zinali nyengo zabwino kuposa momwe ndinkayembekezera. Tinawerenga buku la nkhondo mpaka kumapeto, tinabwereza la nyenyezi, tinalowa m'mitolo ya magazini imene inali isanamasulidwe. Aphunzitsi awiri a pasukulu yapulaimale anamva mbiri n'kuyamba kubwera Lamlungu tikaweruka ku Misa. Ankabwereka mabuku, ndipo achimwene ankawabwereka mosaumira, kungoti buku likabwerera ankalipapasa tsamba ndi tsamba. Nthawi zina ankakhala okwiya popanda chifukwa, kundikalipira kuti ndikuwerenga mothamanga kapena mozizira. Tsiku lina ndinatseka buku n'kuchoka, ndipo masiku angapo sindinapiteko. Sanapepese, inenso sindinapepese. Ndinangobwerera tsiku lina n'kutsegula pamene tinalekera.

Kenaka phazi lotsalalo linayamba kutupa, nkhope nayonso, makamaka m'mawa. Tinapitanso kuchipatala, anatipatsa mankhwala ochepetsa madzi m'thupi, ndipo anatiuza mwachifundo zimene tinkazidziwa kale. Achimwene anapempha kuti tibwerere kumudzi.

Miyezi yomalizayo mphamvu yomasulira inawathera. Ankayamba chiganizo n'kugona chisanathe. Anthu ankabwerabe pakhonde, choncho ndinayamba kuwerenga ndime n'kuimasulira ndekha. Iwo ankakhala chogona pamphasa, atatsamira pilo, maso ali chitsinzinire. Ndikalakwitsa ankakweza chala chimodzi, ine n'kubwerera kukonza. Masiku ena chalacho sichinkakwera konse, ndipo sindinkadziwa ngati ndamasulira bwino kapena agona.

Buku lomaliza limene anapempha linali la nyanja yaikulu yamchere. Anali asanaionepo, monganso tonsefe. Linkanena za anamgumi, za nsomba zokhala pansi penipeni pomwe kuwala sikufika, ndi za madzi amene amakwera ndi kutsika chifukwa cha mwezi. Ankakonda kumva za pansi pamdimapo. Anandiuza kuti ndibwereze kangapo ndime yonena kuti nsomba zina kumeneko zilibe maso, koma zimapeza njira ndi chakudya bwinobwino.

Tinali pakati pa bukulo pamene anafooka kwambiri. Mkulu wa mphakati uja anapalasa njinga kukaitana abambo mfumu kuparishi, ndipo anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. Anamwalira m'mawa wina mvula ikuwaza, nthawi yobandira chimanga, mutu wawo uli pamiyendo ya amayi. Ine ndinali nditapita kukatunga madzi. Ndinamva kulira ndili pachitsime, ndipo ndinatula ndowa pansi n'kukhala kaye pamwala.

Ana awo anabwera kumaliro ndi abale a mayi awo. Anali atakula, mnyamata ndi mtsikana, ndipo anakhala pasiwa ngati alendo, pakuti bambo awo sankawadziwa kwenikweni. Titasesa, amalume anatulutsa katundu wa malemu kuti anawo aone: wailesi, jekete, nsapato imodzi, ndi mabuku. Mnyamatayo anatenga wailesi ndi jekete. Mabuku anawayang'ana n'kunena mwaulemu kuti ndi olemera, atsale kwa azakhali.

Mabukuwo ndinawasamutsira kunyumba kwanga. Kwa miyezi yambiri sindinawakhudze, ndipo anangokhala m'matumba pansi, pakona ya chipinda. Tsiku lina nditafuna kusuntha thumba limodzi kuti ndizire pansi, linang'ambika kunsi n'kukhuthula dothi. Chiswe chinali chitalowa. Mabuku a m'thumba limenelo anali atasanduka zisa, zikuto zokha zitatsala, mkati muli dothi lokhalokha. La njuchi linapita, la malamulo, la thupi la munthu lija, ndi magazini ambiri. Ndinakhala pansi pakati pa dothilo n'kulira kuposa momwe ndinalirira tsiku la maliro, mpaka mwamuna wanga anathamanga kuchokera kukhola poganiza kuti kwagwanso zina.

Tsiku lomwelo anafuna matabwa awiri, nawapachika kudenga ndi waya kuti asakhudze khoma kapena pansi. Otsalawo tinawayanika padzuwa n'kuwasanja pamenepo. Ena ndinapereka kwa aphunzitsi aja kuti akaike kusukulu. Pang'onopang'ono ndinayambanso kuwerenga, ndekha, ndipo nthawi zina anthu amabwerabe kudzafunsa ngati pali buku lonena za chakutichakuti. Amayi anakhalako zaka zingapo, kenaka nawonso anatsatira mwana wawo.

Chaka chatha, nyengo yozizira, kunabwera mlendo pakhomo: mayi wachitsikana, mwana kumsana. Sindinamuzindikire mpaka atanena kuti, "Ndine, azakhali." Anali mwana wamkazi wa achimwene. Anali atakwatiwa kwawo komweko ku Mpingu, ndipo anati wabwera kudzandionetsa mdzukulu. Koma titadya, tili awiri, ananena chimene chinamuyendetsa.

"Azakhali, kwathu za bambo sanena. Ndikafunsa amangoti anali munthu wa mapepala. Kodi anali munthu wotani?"

Ndinayesa kumufotokozera. Ndinati anali wofatsa koma wamakani, wokonda kuseka, wosafuna kumveredwa chisoni. Mawuwo ankamveka ngati ndikunena za munthu wina aliyense. Ndiye ndinakwera pampando n'kutsitsa buku la nyanja lija. Udzu umene ndinaika pamene tinalekera unali momwemo, utauma. Ndinamuuza kuti ili ndi limene bambo ake ankamvetsera masiku awo omaliza, ndipo ine sindinapitirize chichokereni iwo.

Anali atafika fomu yachinayi, ndiye Chingerezi chake chinali chosalala kuposa changa. Anatenga bukulo, anayamwitsa mwana, n'kuyamba kuwerenga mokweza kuchokera pa udzupo. Ine ndinakhala pamphasa ndikumvetsera. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuti munthu andiwerengere buku. Ankaima pafupipafupi n'kufunsa kuti, "Apa bambo akanati chiyani?" ndipo ine ndinkamuuza momwe ndinkaganizira, nthawi zina mpaka kutsanzira mawu awo, iye n'kumaseka kwinaku akupukuta m'maso.

Anakhala nafe sabata yathunthu. Bukulo sitinalimalize, chifukwa mwamuna wake anaimba foni kuti mtedza ukuonongeka kumunda. Tsiku lonyamuka ndinalikulunga m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi ena awiri amene anasankha yekha, n'kumuikira m'chikwama pansi pa matewera a mwana. Ndinamuchenjeza kuti asakaike pansi kapena kutsamiritsa kukhoma. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo tinaima pamenepo nthawi yaitali tikudikira kabaza, mphepo ya Juni ikutiomba, mwana akugona kumsana.